Timabuloko Topanda Maina

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mudzawelenga mapepala awa ine kulibe: ndikudziwa zimene mumanena za ine mukakhala panokha. Mumati ambuya sakhulupilila munthu, ngakhale wowabweletsela madzi akumwa amayamba amuyang'ana m'manja. Sindikana. Za ubwana wanga kwa Luembe ndizisiya, munazimva kale kwa asisi anga, amene amakometsa nkhani kuposa ine. Ine ndiyambila pa nchito, chifukwa kumeneko n'kumene ndinaphunzila kukhala ndekha.

Chaka choyamba pa nchito

Nditamaliza maphunzilo a uinjiniya ananditumiza ku koleji ina ya ku Migodi kuti ndikaphunzitse za zipangizo: chifukwa chake chitsulo china chimapindika pamene china chimathyoka, chimene chimalimbitsa simenti, chimene chimang'ambitsa njelwa. Mkulu wa dipatimenti anali aMumba, bambo wamtali wokonda mafuta onunkhila. Tsiku loyamba atandiona pakhomo la ofesi anandipatsa makalata oti nditaipe. Nditawauza kuti ndine lekichala watsopano anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Pepani amai, tinali kuyembekezela aNjobvu aamuna." Anandipatsa kachipinda kamene kale kanali kosungilamo matsache. Mu labu munali maikulosikopu imodzi yopanda babu, ndi makina okokela zitsulo amene anafa ine ndisanabwele. Ndiye ndinali kuphunzitsa ndi zimene ndinali nazo. Ndikapita kumudzi pa holide ndinali kutolela makasu othyoka, mano a pulawo ndi maekiselo a njinga, n'kubwela nazo m'katoni pa basi. Ophunzila anali kuzigwila m'manja, kuyang'ana pothyokapo, n'kundiuza ngati chitsulocho chinatopa pang'onopang'ono kapena chinaduka kamodzi.

Chaka chimenecho ndinapita koyamba ku msonkhano wa aphunzitsi a zipangizo. Kamodzi pa chaka, onse ophunzitsa phunzilo limeneli m'mayunivesite ndi m'makoleji tinali kukumana masiku atatu, kuonetsana njila zophunzitsila ndi kugwilizana zoti zilowe m'kabuku kamene tonse tinali kuphunzitsila m'kalasi. Mkazi ndinali ndekha. Msonkhanowo unali ndi mwambo wake umene sunalembedwe paliponse. Wamkulu akamaliza kulankhula mumaomba m'manja. Wapampando akafunsa ngati pali funso mumayang'ana pansi. Zotsutsa zonse mumakanenela pa tiyi, mwiniwake ali kutali. Tsiku lachiwili aMumba anakwela kutsogolo atanyamula katoni yanga, imene m'mawa anati akungondithandiza kunyamula. Anatulutsa makasu anga limodzilimodzi n'kuuza anthu kuti imeneyi ndi njila imene iwo anaiganiza ataona umphawi wa labu yathu. Holo yonse inaomba m'manja. Inenso ndinaomba, nanga ndikanatani. Kuyambila tsiku limenelo chikwama changa sichichoka pamiyendo, ndipo kulikonse kumene anthu asonkhana ndimakhala pafupi ndi chitseko.

Pa tiyi ndinaima ndekha pakona. Kunabwela bambo wina wamfupi, wa jekete lalikulu kuposa mapewa ake, n'kundipatsa moni m'Chinsenga cha kwathu: "Mwauka tyani, akwasu?" Ndisanayankhe anapitiliza kuti, "Makasu aja ndawazindikila. Kasulidwe kaja n'ka kwa Luembe, ndipo bwana wanu uja kwa Luembe sanapondeko." Anali aSakala, a kwa Mwape kufupi ndi kwathu, ophunzitsa pa yunivesite ina. Ananyema bansi yawo n'kundipatsa theka. Ndinaitembenuza kawili katatu, kenaka ndinadya.

Zaka za simenti yosowa

Patapita zaka zambili, atate anu atamwalila, aSakala anandiitana kuti ndikaphunzitse ku yunivesite kwao, kumene tsopano anali mkulu wa dipatimenti. Ndinapita. Masana tinali kukhala pakhonde la labu, iwo akudya mbatata yao ya kandolo, ine nshawa zanga, tikunena za mvula ya kumudzi ndi za ophunzila amene safuna kudetsa manja. Pa anthu onse amene ndinagwila nao nchito, ndi iwo okha amene anali kudziwa pamene ndimabisa makiyi a kabati yanga.

Nthawi imeneyo simenti inali yovuta kupeza, ndipo aSakala anali ndi ganizo limene anali kulikonda ngati mwana wao womaliza. Anati phulusa la zitsononkho za chimanga, likatenthedwa bwino ndi kusefedwa, lingathe kulowa m'malo mwa gawo lina la simenti. Ganizo silinali loipa, ena analiyesapo kwina. Funso linali lakuti phulusa lochuluka bwanji. Iwo anali kukhulupilila kuti pa magawo atatu a simenti, limodzi lingakhale phulusa. Nkhaniyi inafika kwathu chifukwa cha pakamwa panga, ndinaitchula pa holide. Alamu anga aLungu, amuna a asisi, anali wapampando wa komiti ya makolo pa sukulu ina ya kwathu. Makolowo anali atapeza matumba a simenti okwanila makalasi awili, koma makalasi ofuna denga anali atatu. Alamu atangomva anawelenga pa zala n'kuona kalasi yachitatu itaima kale. Ndinawauza kuti, "Alamu, tiyese kaye." Iwo anati, "Yesani, mulamu, koma mvula sidikila yunivesite."

Kuyesa kwake kuli motele. Mumaumba timabuloko tating'ono tofanana, tina ta simenti ndi mchenga chabe, tina tothila phulusa pang'ono, tina phulusa lambili. Tikadali tofewa, mumalemba dzina pamwamba pa kalikonse ndi msomali, kuti chilembo chiumile momwemo. Kenaka mumatimiza m'thanki ya madzi masiku 28, n'kutiphwanya m'makina kamodzikamodzi kuti muone kamene kapilila kulemela kwambili. Sabata youmba ine ndinaitanidwa kumalilo ku Nyimba. ASakala anaumba ndi ophunzila a chaka chachitatu. Nditabwelako ndinapeza thanki yavundikilidwa bwino ndi malata, ndipo sindinatsegule, sindinafunse kanthu. Ine amene ndimasuzumila ngakhale mumphika wa mwana wanga, tsiku limenelo sindinasuzumile, chifukwa anali aSakala. Kulakwa kumeneko n'kwanga.

Tsiku la 28 tinavuula timabuloko tija n'kutiyala pathebulo. Tonse tinali tosalala, topanda chilembo ngakhale chimodzi.

"Bambo Sakala, maina ali kuti?"

Anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Tinaiwala kulemba tikadali tofewa. M'mawa mwake tinalemba ndi choko."

"Choko, m'madzi, mwezi wathunthu?"

"Musade nkhawa, amai Njobvu. Onani mtundu. Todelapo utu ndi ta phulusa lambili, toyela utu ndi ta simenti."

"Nanga aka? Kadela mbali imodzi chabe."

"Kanagona pansi pa thanki."

"Ndiye kadela ndi phulusa kapena ndi dzimbili la thanki?"

Ndinawauza kuti tiumbenso. Anati msonkhano watsala sabata ziwili. Ndinati tikanene chaka chamawa. Anati, "Chaka chamawa ine ndili kwa Mwape, ndikuweta mbuzi. Uno ndi womaliza wanga." Tinaphwanya timabuloko tonse masana omwewo. Tina tinalimba, tina tinafumbutuka msanga. ASakala anali kulemba manambala, kuika kalikonse m'gulu limene diso lao lasankha, ndipo pamapeto pepala linaonetsa kuti phulusa lambili n'lolimba ngati simenti. Sindinena kuti ananama dala. Munthu akafuna chinthu kwambili, diso limamuthandiza.

Sabata ya msonkhano ku Petauke

Chaka chimenecho msonkhano unabwela kum'mawa kuno koyamba, muholo ya loji ina pafupi ndi boma la Petauke. Anzathu a ku Lusaka ndi ku Migodi anatsika basi akudandaula za kutentha ndi utali wa mseu. Kwa aSakala kunali kubwela kwao. Anasoketsa suti yatsopano, yokwana mapewa.

M'mawa wa tsiku lachiwili ndinawapeza panja pansi pa mtengo wa mango akuwelenganso mapepala ao. Ndinati, "Bambo Sakala, nenani chabe kuti kuyesa kukupitilila. Palibe amene adzakusekeni." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Akwasu, zaka zonsezi ndakhala ndikuombela m'manja anthu ena, ena a iwo akuba ngati bwana wanu uja. Lelo mundiombeleko ine. Ngati muli ndi mau, mukandiuze pa tiyi." Ndinati, "Pa tiyi zidzakhala zitalowa kale m'kabuku." Anapinda mapepala n'kulowa.

Nditalowa ndinaona pabenchi lakumbuyo alamu anga ndi anthu atatu a komiti, atavala majekete a kutchalitchi, fumbi la lole likadali m'tsitsi. ASakala ndi amene anawaitana kuti adzaone ndi maso. Msonkhano unali m'Chizungu, koma anakhala tchelu ngati akumva zonse. Alamu anandikwezela dzanja. Ine ndinakhala pampando wanga pafupi ndi chitseko.

ASakala analankhula bwino kuposa masiku onse. Ananena za milu ya zitsononkho imene imaola m'midzi, za ana ophunzila padzuwa, za phunzilo lathu limene liyenela kutuluka mu labu n'kupita kwa anthu. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Wapampando, pulofesa wina wa imvi, anati izi zilowa m'kabuku ka chaka chamawa kuti koleji iliyonse iphunzitse. Kenaka anafunsa, monga mwa mwambo, akusonkhanitsa kale mapepala ake: "Pali funso?" Mitu yonse inawelama.

Ndinaganiza za bansi ija. Ndinaganiza za suti yatsopano. Koma ndinaganizanso za mtanda wa simenti umene umakhala pamwamba pa chitseko cha kalasi, ndi ana amene amapanikizana pansi pake belu likalila, ena a iwo adzukulu a asisi anga. Ndipo si kwathu kokha: kabuku kaja kakanafika m'manja mwa ophunzila amene sindidzawaona, n'kukamanga kumene sindidzafikako. Ndinaimilila, chikwama chili m'manja.

"Bambo Sakala, timabuloko timeneti tinalembedwa ndi chiyani?"

Muholo munali aphunzitsi a zipangizo okhaokha. Aliyense anamva funsolo mpaka pansi pake. Wina anatsokomola. ASakala akanatha kunena kuti msomali, ndipo ine ndikanakhala mkazi wamisala amene wanyoza mkulu wake, chifukwa muholomo munalibe mboni ina. Koma anati, "Ndi choko."

"Titachoka m'madzi, maina analipo?"

"Panalibe."

Anatenga mapepala ao n'kukhala pansi. Wapampando anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Tiyeni tikamwe tiyi."

Pa tiyi anthu anandipatsa malo ambili. Ndikafika pathebulo la makapu, thebulo linali kukhala langa ndekha. Lekichala wina wa ku Migodi anadutsa pafupi n'kunena motsitsa mau, "Amai, munthu wamkulu savulidwa pamsika." Ndinati, "Ndinayesa kumuveka kunyumba." Sanaime kuti amve. Amene anabwela kwa ine ndi alamu okha, akumwetulila, bansi m'manja. Anati, "Mulamu, Chizungu chinatithawa pakati. Taona mwaimilila, tati mukuikila umboni. Ndiye tiyambe liti kutentha? Azimai atolela kale zitsononkho, milu itatu kumbuyo kwa sukulu." Ndinawatengela pambali n'kuwauza m'chilankhulo chathu kuti asatenthe. Anafunsa ngati phulusa lapezeka loipa. Ndinati palibe amene akudziwa ngati n'labwino kapena loipa. Anati, "Koma aja ndi bwana wanu, aphunzila kuposa inu." Ndinati inde. Anaika bansi pambale osaimaliza n'kukaitana anzao. Pamene tinali kulowanso muholo, mpando wa aSakala unali wopanda munthu. Anthu anandiuza kuti akwela basi ya masana.

Dzinja lotsatila

Miyezi imene inatsala kuti apume nchito, aSakala anali kundilembela timapepala n'kutisiya pansi pa chitseko, ngakhale maofesi athu anali oyang'anizana. Pakhonde la labu sanabwelenso. Ine ndinaumbanso timabuloko ndekha, ndi manja angawa, n'kulemba kalikonse ndi msomali, zilembo zakuya zoti ngakhale wakhungu awelenge ndi chala. Thanki ndinaiikila loko. Patapita masiku 28 ndinaphwanya. Ta phulusa pang'ono tinalimba bwino ndithu. Ta phulusa lambili, monga mmene iwo anali kufunila, tinafooka moonekelatu. Ganizo lao linali ndi choonadi mkati, koma osati chokwanila kalasi yachitatu. Ndinalemba zonse bwinobwino, dzina lao pamwamba, langa pansi, n'kuwatumizila kwa Mwape ndi kalata yopempha kuti andilole ndikaziwelenge ku msonkhano m'dzina lao. Yankho silinabwele. Ndinalembanso. Sindinakaziwelenge, chifukwa ganizo linali lao, ndipo ine ndimadziwa mmene zimawawila kuona katundu wako ali m'manja mwa wina kutsogolo kwa holo. Mapepalawo ali m'sutikesi yobiliwila pansi pa bedi, mudzawapeza.

Kwathu anamanga makalasi awili. Yachitatu inakhala chisakasa cha udzu, ndipo zitsononkho zija zinaolela pomwepo.

Ku misonkhano ndinapitabe mpaka nditapuma nchito, chifukwa kusapita kukanakhala ngati ndavomela kuti ndinalakwa. Anthu anali kunditcha "amai a msomali", akuganiza kuti sindimva. Pa chakudya palibe amene anali kukhala nane. Koma chaka chilichonse, m'mawa msonkhano usanayambe, panali kubwela lekichala wachinyamata mmodzi kapena awili, akuyang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Amai, mungandionele manambala awa ndisanakwele kutsogolo?" Ndinali kuwaonela. Masana tikakumana pamzele wa chakudya anali kuyang'ana m'mbale zao. Sindinawakwiyile. Anali ndi mabwana ao.

ASakala ndinawaonanso kamodzi chabe. Ndinali pa basi yochokela ku Lusaka, itaima pa Nyimba pamene anthu amagula nthochi. Anali ataima kutsidya la mseu, atakalamba, atagwila njinga. Maso athu anakumana pawindo. Anakweza dzanja pang'ono, ndipo mpaka lelo sindidziwa ngati anali kukwezela ine kapena mai wa nthochi amene anali pansi pa windo langa. Ndinafuna kutsika, koma ndinali ndi katundu pamwamba ndipo sindikanamusiya ndi anthu osawadziwa. Ndi mmene ndinadziuzila. Basi inanyamuka. Za malilo ao ndinamva patapita mwezi ataikidwa kale.

Chaka chino

Tsopano ndili pano pa Petauke, m'nyumba imene ndinayang'anila buloko iliyonse pomanga. Inu mumabwela pa Khilisimasi, ndipo ndimayamika. Masiku ena onse ndimalankhula ndi nkhuku.

Mwezi wathawu asisi anatumiza mau kuti alamu adwala kwambili, ndiye ndinapita kwa Luembe. Panjila ndinadutsa pa sukulu ija. Makalasi awili aja alipo, opanda mng'alu. Chisakasa nachonso chilipo, udzu wake ndi watsopano. Alamu ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde, atawonda, koma mutu uli bwino. Kwa zaka zonsezi nkhani ija sanaitchulepo, anali kungondipatsa moni wa mlendo. Tsiku limenelo asisi atapita kukatunga madzi, anandikodola kuti ndisendele.

"Mulamu, ndifunse ndisanapite. Tikanamanga ndi phulusa lija, kalasi ikanagwa?"

Ndikanatha kunena kuti inde, ikanagwa mvula yoyamba, kuti afe atandikhululukila. Koma makina aja sanena zimenezo. Amangonena kuti aka n'kofooka kuposa aka.

"Sindidziwa, alamu. Mwina ikanagwa. Mwina ikanaima mpaka lelo."

"Mwina."

"Inde."

"Ndiye ana athu akhala m'chisakasa zaka zonsezi, mvula ikuwanyowetsela makope, chifukwa cha mwina?"

"Chifukwa cha mwina, alamu."

Anandiyang'ana, kenaka anatembenukila kukhoma n'kukoka bulangete. Ndinakhala pomwepo mpaka asisi anabwela ndi ndowa. Madzulo asisi anandipelekeza kumseu. Titafika pamphambano anati, "Iwe, ukanangonena kuti inde." Ndinati, "Ndikudziwa, asisi." Anabwelela pomwepo, ine ndinatsala ndekha kudikila galimoto.